Makampasi a Keyala ndi ife owasunga kuno ku Kasungu

Kampasi yausilikali yakale imalemera kuposa mmene maso amaonera. Ndi kanthu kozungulira kokwana m'chikhatho, kopakidwa penti yakuda imene nthawi zambiri inasupuka m'mphepete mpaka bulasi kuonekera, koma ukakanyamula dzanja limatsika pang'ono. Pamwamba pali chivundikiro chagalasi chokhala ndi kamzere kopyapyala pakati. Mbali ina kuli mphete yolowetsamo chala chachikulu, ndipo pamwamba pa mpheteyo pali kagalasi ka ngodya zitatu, komangidwa pa kahinji, kamene amakatcha pulizimu. Kagalasi kameneka ndi kamene kamasiyanitsa kampasi imeneyi ndi zapulasitiki zija timagula m'sitolo.

Ndi kampasi wamba, umayang'ana phiri kenako n'kuweramitsa mutu kuti uwerenge nambala, ndipo pofika powerengapo dzanja limakhala litasuntha kale. Ndi ya pulizimu umaimika chivundikiro chilili, n'kugwetsera pulizimu pamwamba pa galasi, n'kubweretsa kampasi yonse pafupi ndi diso. Pakampata ka pulizimuyo diso limodzi lomwelo limaona zinthu ziwiri nthawi imodzi: phiri lija litadulidwa pakati ndi kamzere ka pachivundikiro, ndi manambala a pambale yozungulira m'katimo, atakula, akuyenda pang'onopang'ono mpaka kuima. N'chifukwa chake manambala a mzere wakunja wa mbaleyo analembedwa chogadabuza. Ukawaona ndi maso chabe umayesa mmisiri analakwitsa, koma pulizimu imawatembenuza. Nzeru imeneyi si yadzana. Charles Schmalcalder, wopanga zipangizo zoyezera wa ku London, anailembetsa kuti ndi yake mu 1812, ndipo asilikali ndi oyeza malo akhala akuidalira chiyambire pamenepo. Wadzanja lokhazikika amawerenga mpaka theka la digiri.

Ine ndimaphunzitsa jogalafe pasekondale ina kuno ku Kasungu, ndipo amene anandilowetsa m'zimenezi ndi ana asukulu. Chaka ndi chaka timawaphunzitsa kuwerenga mapu ndi kuyeza bearing (madigiri osonyeza kumene chinthu chili kuchokera kumpoto) papepala, amalemba MSCE n'kukhoza bwino, koma ambiri amatuluka Fomu 4 asanagwirepo kampasi m'manja. Yoyamba anandipatsa malume anga amene anagwira ntchito ya zankhalango mpaka kupuma. Ena anabwera pambuyo pake, kuchokera kwa anthu amene anamva kuti kuli mphunzitsi wokonda zitsulo zakale. Si ambiri, onse amakwana m'kabokosi kamodzi kamatabwa. Koma amene ndawaona m'makomo mwa anthu ndi ochuluka kuposa amene ndili nawo, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti ambiri sakufa ndi ukalamba. Chipangizo chimene chinapirira matope ndi mvula ya kunkhondo chikumafera pakhonde Loweruka masana, m'manja mwa munthu amene wangofuna kuchiwalitsa kapena kuona zam'kati. Mbali yaikulu ya ntchito yosunga kampasi yotere ndi kubweza dzanja.

Anthu amandifunsa kuti zinthu zopangidwa ku England zinafika bwanji kwa Chulu, kwa Wimbe kapena ku Chamama. Njira yoyamba ndi ya Keyala. Gulu la King's African Rifles, limene ife timalitcha Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo batalioni yoyamba ndi yachiwiri zinali za kuno ku Nyasaland, likulu lake ku Zomba, kumene chipilala chachikumbutso chawo chidakaimabe. Pa nkhondo ya Chiwaya anamenyana ndi Ajeremani ku Karonga mu Sepitembala 1914, kenako n'kuyenda mitunda yosaneneka mu Tanganyika ndi Mozambique, atengatenga atasenza katundu pambuyo pawo. Pa nkhondo yachiwiri anafika ku Somaliland ndi ku Abyssinia, ku Madagascar mu 1942, ndi ku Burma mu 1944, kumene anadutsa chigwa cha Kabaw mvula ili m'kati. M'zaka za m'ma 1950 anapitanso ku Malaya. M'nkhalango zowirira za kumeneko munthu saona phiri, dzuwa nalo salipeza bwinobwino. Gulu lonse limatsata wonyamula kampasi, wina pambali akuwerenga mapazi. Tikamaonera mganda m'midzi mwathu muno, anyamata atandandalika m'mizere, kabudula atasitidwa, mapazi akugunda pamodzi, timakhala tikuona mthunzi wa perete wa anthu amenewa. Gule tinasunga, koma katundu amene anabwera naye akutha mwakachetechete.

Komabe tisanamizane, si msilikali aliyense amene ankapatsidwa kampasi. Inali katundu wa boma, wodula, wosainira, ndipo kawirikawiri ankanyamula ndi maofesala ndi masajeni. Ntchito ikatha inkayenera kubwezedwa. Ambiri amene ali m'midzi anadzera njira zina. Nkhondo itatha boma la Britain linagulitsa katundu wotsala wosawerengeka, ndipo makampasi ausilikali anagwera m'manja mwa oyeza malo, a zankhalango, oyang'anira nyama m'thengo limene mu 1970 linasanduka Kasungu National Park, ngakhalenso azungu a m'maesiteti a fodya. Choncho ndikaona kampasi m'thiranki ya agogo a munthu, sindithamangira kunena kuti inapita ku Burma. Ndimayamba ndafunsa. Kampasi imene inayeza malire a nkhalango kwa zaka makumi awiri ili ndi mbiri yake yokwanira, siifunika kuinamizira nkhondo.

Mitundu imene ndakumana nayo ndi itatu. Wakale kwambiri ndi wotchedwa Verner's Pattern, potengera dzina la Willoughby Verner, ofesala wa gulu la Rifle Brigade. Ambiri a mtunduwu ndi Mark VII ndi Mark VIII, ndipo kumbuyo kwawo kumakhala zaka za nkhondo yoyamba monga 1916, 1917 kapena 1918. Ena anapangidwa ku Switzerland. M'kati mwake mulibe madzi alionse, choncho mbale imagwedezeka nthawi yaitali isanakhazikike, ndipo m'mbali muli kabatani kamene umadina pang'ono kuti uichepetse liwiro. Ilinso ndi loko yonyamula mbaleyo kuichotsa pansonga yake poyenda, kuti nsongayo isabunthe.

Umene umapezeka kwambiri ndi Mark III wa nkhondo yachiwiri, wochokera ku kampani ya F. Barker & Son. Mbale yake imayandama m'palafini woyengedwa bwino, motero imakhazikika msanga. Mbaleyo ndi ya chigoba chonyezimira cha nkhono zam'nyanja, kuti manambala aoneke ngakhale kunja kukuchita chisisira, ndipo pakati pake pali kamwala kolimba kamene kamakhala pansonga yakuthwa. Mukatembenuza kampasiyo nthawi zambiri mupeza zilembo zakuti T.G. Co. Ltd. Imeneyi ndi The Gramophone Company, kampani ya magalamafoni ndi mbale za nyimbo, imene nkhondo itavuta inayamba kupanga zida. Ina ili ndi zilembo C.K.C., kutanthauza nthambi ya Kodak ya ku Canada. Pafupi ndi zilembozo pamakhala chaka, nambala yake, ndi kachizindikiro ka mizere itatu yokumana pamwamba, kooneka ngati phazi la nkhuku padothi lonyowa. Kachizindikiro kameneka ndi chidindo cha boma la Britain chonena kuti katunduyu ndi wa asilikali.

Wachitatu ndi M-73, mdzukulu wa Mark III, wopangidwa patapita zaka zambiri nkhondo itatha. Maonekedwe ndi ofanana, koma ena mwa amenewa sawerenga madigiri 360. Amagawa bwalo lonse m'magawo 6,400 otchedwa ma mil, amene asilikali amawakonda chifukwa amaphweketsa masamu a mtunda. Mukaona manambala akuthera pa 64, kampasiyo si yoonongeka. Zonyezimira ngati golide, zopepuka, zokhala ndi dzina la London ndi chaka chakale koma zopanda ndi zande lomwe, zambiri ndi zokongoletsera m'nyumba zopangidwa ku India masiku omwe ano. Pulizimu yake kawirikawiri siionetsa nambala bwinobwino, ndipo pamenepo ndi pogwirira bodza lake.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yandichititsa kulemba zonsezi.

Tsiku lina mayi wina wachikulire wa mbali ya ku Chamama anatuma uthenga kuti ndikaone katundu wa malemu bambo ake. Ndinawapeza atakhala pamphasa, patsogolo pawo pali thiranki yobiriwira yotsegula, mamendulo atakulungidwa m'kansalu, kabuku kotulukira usilikali, ndi mbale yadothi. M'mbalemo munali kampasi ya Mark III itang'ambidwa: chivundikiro chili pachokha, galasi litasweka, mbale yachigoba ija itathyoka pawiri, fungo la palafini lili guu.

"Aphunzitsi, taonani zimene wachita mdzukulu wangayu," anatero, akuloza mnyamata amene anaima chapatali atazolika. "Akuti kunabwera anthu pa tiledingi, akufuna zitsulo za azungu akale. Akuti m'kati muli mekyule yofiira ya mamiliyoni."

"Agogo, m'katimu munali kaufa kabulauni, kouma. Kapita kuti?" ndinawafunsa.

"Kanagwera pamphasa pompa, mwananga. Ndangokung'untha."

Mtima wanga unagunda, chifukwa pabwalo pomwepo pankakwawa kamwana. Tinachotsa anawo, tinapukuta pansi ndi nsanza zonyowa, zidutswa zonse ndi nsanzazo tinaziika m'botolo lagalasi lotseka bwino, mphasa ija ndinawapempha kuti asadzagonekeponso mwana, ndipo tonse tinasamba m'manja ndi sopo mobwereza. Kenako ndinamuitana mnyamata uja. "Mphwanga, khala pansi apa ndikuuze chimene chinali m'katimo." Sindinamukalipire. Iye anauzidwa bodza ndi anthu akuluakulu, panthawi imene feteleza anali asanagulidwe pakhomopo.

Mekyule yofiira kulibe. Kulibe m'kampasi, kulibe m'simbi zakale zamakala, kulibe m'ndalama za Ajeremani, kulibe paliponse. Ndi mphekesera imene yazungulira maiko ambiri n'kusiya zinthu zoswedwa m'mbuyo mwake. M'kampasi ya Mark III muli palafini, maginito, chigoba, bulasi ndi galasi basi. Chimene chilimo chofunika kuchiopa ndi kaufa kabulauni kaja, kamene ndi penti youma. Kuti msilikali aziona kumpoto usiku popanda kuyatsa tochi, opanga ankapaka penti yowala mumdima pa muvi wa pambale, pachivundikiro ndi pamphete yozungulira. Pentiyo inali yosakaniza zinc sulphide ndi radium. Radium imatulutsa cheza chosaoneka, chezacho chikamenya zinc sulphide ndiye pamabwera kuwala kobiriwira kuja. Pakapita zaka zinc sulphide imatha mphamvu, kuwala n'kuzima, ndipo apa ndi pamene anthu amapusitsika. Amaganiza kuti poti yasiya kuwala ndiye kuti yatha. Radium imatenga zaka pafupifupi 1,600 kuti mphamvu yake itsike ndi theka lokha. Penti ya mu 1943 ili ndi ukali pafupifupi wonse umene inali nawo tsiku limene inapakidwa, kungoti tsopano yauma, ikufumbutuka, ndipo ikusanduka fumbi.

Kuopsa kwake kunadziwika ndi imfa za anthu. M'zaka za m'ma 1920 ku America, atsikana opaka penti yomweyi pa mawotchi, monga a pafakitale ya ku Orange m'chigawo cha New Jersey, ankasongola burashi ndi milomo kuti alembe manambala aang'ono. Thupi limailandira radium ngati calcium n'kukaisunga m'mafupa. Ambiri anaola nsagwada, ena anafa ndi khansa ya m'mafupa adakali achitsikana.

Sindikunena izi kuti muthamange kukataya kampasi ya agogo m'chimbudzi. Ayi, kutero n'kuipitsiratu. Kampasi yotsekeka bwino, imene mwaigwira kwa kanthawi n'kuibweza, si yoopsa kwenikweni. Choopsa ndi fumbi lake likalowa m'kamwa, m'mphuno kapena pabala, komanso kukhala nayo pathupi tsiku ndi tsiku. Radium imatulutsanso mpweya wotchedwa radon umene umaunjikana pamalo otsekeka. Ndiye lamulo langa ndi ili: kampasi iliyonse yausilikali yopangidwa zisanafike zaka za m'ma 1960 ndimaitenga kuti ili ndi radium. Sindiitsegula, sindikanda penti yake, sindiipuzira ndi pakamwa. Iliyonse imakhala m'kathumba kake kapulasitiki kotseka, ndipo bokosi lonse limakhala m'kanyumba kakunja kolowa mphepo, kutali ndi kogona ndi kosungira ufa. Kathumbako ndimakatsegulira panja, nditavala magolovesi, n'kusamba m'manja ndikamaliza. Palafini wa m'katimo nayenso wakhala akukhudzana ndi pentiyo zaka zonsezi, choncho ikayamba kudontha musaitenge ngati mafuta wamba. Chotsimikizira zenizeni ndi makina oyezera cheza otchedwa Geiger counter, ndipo dziko lathu lili ndi bungwe loona za zimenezi, la Atomic Energy Regulatory Authority, lokhazikitsidwa potsatira lamulo la mu 2011. Amene muli ndi kampasi yosweka kale, kumeneko ndi kofunsa za katayidwe kake.

M-73 ilibe vuto limeneli. Kuwala kwake kumachokera m'timachubu tagalasi ta mpweya wa tritium, umene mphamvu yake imatsika ndi theka pa zaka 12 zokha, ndiye yakale imakhala itazilala. Bola osaswa timachubuto.

Za kusamala kwa tsiku ndi tsiku n'zosavuta, koma zimalimbana ndi chizolowezi chathu. Ife tinaleredwa kuti chitsulo chabwino ndi chowala, ndipo tikaona bulasi dzanja limathamangira phulusa, mandimu, mchenga kapena polishi. Penti yakuda ija sinali yokongoletsa. Anaipaka dala kuti chitsulo chisang'anime padzuwa n'kuulula pamene msilikali wabisala. Pamene yasupuka ndi pamene chala cha mwini wake chinkagwira, ndipo ine ndimaona kuti malo osupukawo ndi mbali ya mbiri yake. Mukakwecha mumafufuta zonsezo, zilembo zakumbuyo zimafafanizika, ndipo ngati mwakhudza penti ya radium ya pachivundikiro ndiye mwaimwaza pansalu ndi m'zala. Kansalu kofewa kouma n'kokwanira pa bulasi. Pulizimu ndi galasi ndimapukuta ndi kansalu ka magalasi a m'maso, osayandikira madontho apentiwo. Hinji ikauma, kadontho kamodzi ka oyilo wa makina osokera, kotengedwa pansonga ya singano, kamakwana. Pulizimu imakwera ndi kutsika pa kanjira kake kuti igwirizane ndi diso la munthu. Ikakanirira musaikakamize ndi pulayala, ingoidonthezerani oyilo n'kuisiya igone.

Kachikwama kachikopa kamene kampasi imabwera nako ndi kokongola, komanso ndi mdani wake. Chikopa chimasunga chinyezi, ndipo mankhwala ofufutira chikopacho akakhudzana ndi bulasi kwa nthawi yaitali pamabadwa dzimbiri lobiriwira, lomata. Kuyambira Disembala mpaka Malichi, mvula ikakhazikika kuno, chikopacho chimachitanso chuku. Ndimasunga ziwirizi mosiyana, ndipo m'bokosi ndimaponyamo timapaketi toyamwa chinyezi tija timabwera m'makatoni a nsapato. Kutentha nako n'koipa. Kampasi yamadzi yosiyidwa pawindo kapena m'galimoto mu Okutobala imafufuma, labala yotsekera imene inauma kale n'kulekerera. Ndipo popeza mtima wake ndi maginito, isagone pafupi ndi sipika, wailesi, foni kapena mainveta a sola.

Kathovu ka mpweya ndi kamene kamavutitsa anthu maganizo kwambiri. M'miyezi ya Juni ndi Julaye, kukazizira m'mawa, palafini amanyala pang'ono ndipo kathovu kakang'ono kamaoneka pansi pa galasi. Kukafunda kamazimiririka kokha. Kotero kasiyeni. Thovu lalikulu losachoka, limene limakankha mbale n'kuipendeketsa, limatanthauza kuti penapake pakudontha. Ngati ndi Mark III ya radium, ine ndimavomereza kuti masiku ake ogwira ntchito atha, ikhale yosunga basi. Ngati ndi M-73, m'mbali mwa chibekete chake muli kasikuluwu kothirira, ndipo munthu wodekha akhoza kuonjezera ndi sirinji, kabowo kataloza kumwamba, pang'onopang'ono mpaka mpweya wonse utatuluka. Koma akhale palafini woyengedwa, woyera mbee. Wa m'koloboyi amachita chikasu n'kusiya zinyalala. Madzi amadyetsa dzimbiri, ndipo sipiliti akhoza kusungunula manambala a pambale.

Kuti mudziwe ngati kampasi idakali ndi moyo simufunika kuitsegula. Iikeni pampando wamatabwa wopanda misomali yambiri, panja, idikireni iime, muwerenge nambala. Bweretsani kiyi pafupi kuti mbale ipatuke pang'ono, kenako muchotse kiyiyo. Ibwerere pa nambala yomwe ija. Chitaninso chimodzimodzi kuchokera mbali inayo. Ikaima pamalo osiyana, ndiye kuti nsonga yabuntha kapena kamwala kang'aluka. Ikamabwerera mwaulesi kwambiri, maginito afooka. Kampasi iliyonse ilinso ndi kakhalidwe kake, ina imaonjeza digiri, ina imachotsa. Asilikali ankayesa yawo pa mzere wodziwika n'kulemba kusiyanako, ndipo inenso ndimalemba pakapepala n'kuika m'kathumba kake.

Kasungu ndi malo abwino ophunzirira chipangizochi. Dziko ndi lathyathyathya, madambo ndi otambalala, ndipo phiri la Kasungu limaonekera kutali mbali zonse. Ana ndimawatengera M-73 yokha, ya radium sindiifikitsa kusukulu. Timachoka pafupi ndi malata, mawaya a magetsi ndi njinga, mafoni n'kusiya pamulu, chifukwa chitsulo chilichonse chimakoka mbale. Mtsikana wina wa Fomu 3, atabweretsa pulizimu padiso koyamba, anakuwa kuti, "Aphunzitsi, manambala akuvina!" Ndinamuuza kuti, "Tsamiritsa chigongono pachifuwa, upume pang'ono, adikire aime okha." Patapita kanthawi anatchula nambala, mnzake n'kulemba. Kenako tinayeza phiri lachiwiri. Pa nambala iliyonse tinaonjeza kapena kuchotsa 180 kuti tipeze mzere wobwerera, tinajambula mizere iwiriyo pamapu a 1:50,000 kuchokera pa mapiri aja, ndipo inakumana m'mphepete mwa dambo limene tinaimamo. Ana amene ankaloweza njirayi ngati ndakatulo anakhala chete, kenako aliyense ankafuna ayese yekha.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaoneka bwino panja kuposa pabolodi. Choyamba, kumpoto kwa kampasi si kumpoto kwa mapu. Kuno kwathu maginito amaloza madigiri ochepa chakumadzulo kwa kumpoto kwenikweni, ndipo kusiyanako kumasintha ndi zaka. M'mphepete mwa mapu akale muli kachithunzi konena kusiyana kwa chaka chimene mapuwo anasindikizidwa, ndiye amene akugwiritsa mapu a zaka makumi anayi zapitazo asangokopera nambalayo. Chachiwiri, mphamvu ya maginito a dziko siyenda chopingasa chokha, imapendekanso. Ku England imakokera nsonga ya kumpoto pansi, pamene kuno kummwera kwa equator imakokera ya kummwera. Kampasi yolinganizidwira ku Ulaya ikafika kuno mbale yake imatha kupendama pang'ono, ndipo pa ena a Verner's zimaoneka ndi maso. Si chilema, ingofunika kuigwira mosamala kuti mbale isakhule pansi. Ndionjezere kuti kampasi si woweruza milandu ya malire a munda. Anthu andipemphapo kuti ndikawayezere, ndipo ndimakana. Imeneyo ndi ntchito ya mafumu ndi oyeza malo ovomerezeka.

Ena amati foni ili nazo zonsezi. Ili nazo ndithu, ndipo inenso ndimaigwiritsa ntchito. Koma foni imakupatsa yankho osakuonetsa njira yake, pamene kampasi imakukakamiza kuyang'ana dziko, kudziwa phiri ili ndi liti, mtsinje uwu ukulowera kuti. Kwa mwana amene akuphunzira, kusiyana kumeneko n'kwakukulu.

Za malonda ndinene mosabisa. Mark III anapangidwa ochuluka zedi, ndipo ku Britain amagulitsidwa ngati katundu wakale wamba. Palibe mamiliyoni pamenepa. Ikachoka m'banja n'kukafika pa shelefu ya wogula kunja, imangokhala imodzi mwa zikwi zofanana. Ili m'thiranki limodzi ndi mamendulo ndi kabuku kokhala ndi nambala ya mwini wake, ndi umboni wakuti munthu wakutiwakuti wa m'mudzi wakutiwakuti anafika kumene mabuku a mbiri amangotchula batalioni. N'chifukwa chake kampasi yokhala ndi mwini wodziwika sindigula, ngakhale banja litandikakamiza. Ndimaipukuta, ndimailemba, ndimawauza kasungidwe kake, n'kuibweza. Zimene zili m'bokosi langa ndi za malume ndi zina zimene mbiri yake inatayika kale zisanandipeze, ndipo ndikazigwira ndimamva kuperewera kwake.

Ngati kwanu kuli kampasi yotere, jambulani kumbuyo kwake ndi foni kuti zilembo, chaka ndi nambala zioneke, muiike m'kathumba, musambe m'manja. Mukatero tengani kope mupite kwa akuluakulu amene atsala. Funsani kuti mwini wake anali ndani, analowa liti usilikali kapena ntchito, anali batalioni iti, anakwera sitima kuti, anabwera chaka chiti, kampasiyo anaipeza bwanji. Lembani ngakhale zimene akukayikira, n'kuonetsa kuti apa akukayikira. Yambirani kwa azakhali ndi agogo aakazi. M'makomo ambiri amene ndafikamo, kiyi wa thiranki amasunga ndi iwowo, ndipo ndi amene ankakhala pafupi pamene nkhalamba zija zinkafotokoza za ku Burma madzulo.